Kahedifoni ka Kumanzere

1. Namakutu

Dzina lakuti Namakutu anam'patsa ndi anzake a kuntchito, ndipo sanam'namizire. M'basi ya m'mawa, pa nthawi ya nkhomaliro, ngakhale pochapa ovololo yake Loweruka, mtsikanayu ankakhala atatseka makutu ndi timahedifoni tiwiri topanda waya, tating'ono ngati nyemba. Osam'dziwa ankayesa kuti ndi wokonda nyimbo, pomwe iye ankamvera sukulu.

Namakutu ankagwira ntchito m'shedi yokonzeramo ndege. Anali wothandizira chabe. Ankamasula masikuluwu, kupukuta girisi ndi kupatsira amakaniko masipanala. Koma mtima wake unali pa laisensi ya uinjiniya, chiphaso chimene chimalola munthu kusaina kuti ndege yakonzedwa bwino ndipo ikhoza kuuluka.

Sukulu yolowa m'kalasi sakanaitha, chifukwa ntchitoyo ndiyo inkawadyetsa iye ndi mayi ake. Choncho analembetsa maphunziro a pa intaneti. Mphunzitsi wake anali asanakumanepo naye. Ankangodziwa liwu lake, liwu la bambo wolankhula mosathamanga ngati munthu amene basi sinamusiyepo.

Sukuluyo inali ndi lamulo lake. Wophunzira sankaloledwa kulemba mayeso pokhapokha injiniya wamkulu wa kuntchito kwake atasaina kuti manja a munthuyo ndi odalirika. Injiniya wamkulu wa m'shedimo anali bambo wa imvi amene aliyense ankawatchula kuti a Tochi, poti tochi sinkachoka m'dzanja lawo ngakhale dzuwa lili paliwombo. Iwo anali atalonjeza kusaina Lachisanu, tsiku lotseka kalembera wa mayeso. Kuphonya tsiku limenelo kunali kudikira chaka chamawa.

M'mawa wa Lachisanulo Namakutu anapeza mayi ake ali kale pa makina osokera.

"Lero ndiye lero, eti mwanawe?" anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Bulauzi yako yolembera mayeso yangotsala mabatani. Ukabwera udzayeze."

"Amayi, mayesowo ndi a pa kompyuta. Kompyuta siyang'ana bulauzi."

"Kompyuta siyang'ana, koma ine ndiyang'ana. Pita, ungachedwe."

2. Botolo la pakhomo

Pakhomo la shedi panali bolodi la zida. Sipanala iliyonse, pulaya iliyonse, inali ndi chithunzi chake chojambulidwa pamalo pamene inkapachikidwa. Chida chikasowa, chithunzicho chinkatsala poyera, aliyense n'kuona. Pansi pa bolodilo panali botolo lalikulu lagalasi. Munali nati wadzimbiri, ndolo, chivundikiro cha cholembera, batani la malaya ndi tizidutswa ta waya. Zonsezo zinali zinthu zimene zinapezeka m'ndege, m'malo amene sizinkayenera kukhala.

M'mawa uliwonse a Tochi ankasonkhanitsa antchito pamenepo. Tsikulo anagogoda botololo ndi tochi yawo, kenako anayamba.

"Ana inu, ndibwerezanso ngakhale ndikudziwa kuti mwatopa nane. Galimoto ikayamba kutsokomola pamsewu, dalaivala amaimika pambali n'kutsegula boneti. Kumwamba kulibe pambali poimika. Munthu amene akwere ndege iyi masana ano sakukudziwani, sanakuonenipo, koma wakupatsani moyo wake kuti mumusungire.

"Bolodi ili limadziwa zida zanga. Za m'matumba mwanu silizidziwa. N'chifukwa chake ndimati foni, ndolo, cholembera, zonse zizitsala mu loka, mosungira zovala zanu muja. Chimene mwalowa nacho m'ndege mutuluke nacho. Ndipo makutu azikhala otsegula, chifukwa makutu nawonso ndi chida. Sikuluwu ikagwa imalira, koma imalira kamodzi kokha.

"Chomaliza. Mukakayika, nenani. Ndege sidandaula ikatsegulidwa kawiri. Odandaula ndi a ku ofesi, ndipo amenewo muzindisiyira ine."

Namakutu ankagwedeza mutu pamodzi ndi anzake, koma si zonse zimene zinam'fika. Kunja kunkazizira, ndiye anali atavala chipewa chaulusi chofika m'makutu. Pansi pa chipewacho, kukhutu la kumanzere, kunali kahedifoni. Foni inali m'thumba la m'kati mwa ovololo. Phunziro la magetsi a ndege linkam'vuta kwambiri ndipo anali asanalimalize. Anadziuza kuti ndi lero lokha.

Mawu akuti lero lokha awonongetsa anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo si aulesi ayi.

3. Pansi pa mipando

Ntchito ya tsikulo inali pa ndege yaing'ono ya mapulopela, imene inkayenera kunyamula anthu masana. Amakaniko anali atachotsa mipando ndi kutsegula zivundikiro za pansi. Mmenemo mumadutsa zingwe zachitsulo zochokera kwa woyendetsa ndege kupita kumchira. Woyendetsa akakoka chiwongolero, zingwezo zimayenda pa timagudumu, mchira n'kumvera.

Namakutu anam'patsa ntchito yogwira ndi makaniko wina wotchedwa Mtalimtali, mnyamata wanthabwala amene ankayenda chowerama m'ndege iliyonse. Mtsikanayo anagona chafufumimba, mutu uli m'dzenje, n'kumayendetsa kansanza pa chingwe chilichonse. Kansanzako kakakodwa penapake, ndiye kuti chingwe chayamba kuduka timawaya take. Manja ankagwira ntchito, koma mutu unali ndi mphunzitsi wa pa intaneti.

Posakhalitsa anamva ndege ikugwedera. A Tochi ankakwera. Mwachangu Namakutu anadina foni kudzera pa nsalu ya ovololo, phunziro linaima. Injiniyayo anawalitsa tochi m'dzenje lililonse, anasuzumira ndi kagalasi m'makona, kenako anati, "Zili bwino. Tsekani." Anatsika.

Namakutu anapumira m'mwamba. Pamene ankawerama kuti aike chivundikiro choyamba, Mtalimtali anamuitana kuti am'patsire sikuludalaiva. Potembenuka anagunda mutu pa chitsulo chomangirapo mipando, chipewa n'kupendekeka.

"Pepa mlongo," anaseka Mtalimtali. "Usatayemo nzeru, mayeso ali pafupi."

Mtsikanayo anakonza chipewa n'kupitiriza ntchito. Phunziro linali chiimire, choncho kukhutu kukhala zii sikunam'dabwitse. Anatseka zivundikiro zonse, anabwezera mipando, anapachika zida. Bolodi linadzaza, popanda chithunzi chotsala poyera. A Tochi anasaina kuti ndege ikhoza kuuluka, ndipo thirakitala inaikokera pakhomo la shedi.

Pa nthawi ya tiyi Namakutu anapita ku loka. Anavula chipewa, anapisa chala m'khutu. Munalibe kanthu.

Anakutumula chipewa. Anafufuza m'kolala, m'matumba, m'nsapato. Anayenda choyang'ana pansi kuchokera ku loka mpaka pamene panali ndege poyamba. Kenako anatulutsa foni mobisa. Inkasonyeza kuti palibe hedifoni yolumikizidwa. Anayenda pang'onopang'ono kulowera kumene kunali ndege, foni ili m'manja. Atafika pansi pa phiko, foni inanjenjemera. Kahedifoni ka kumanzere kanali katalumikizika.

Kanali m'ndegemo.

4. Malangizo a Mtalimtali

Namakutu anam'peza Mtalimtali kuseri kwa shedi akumwa tiyi, ndipo anamuuza zonse. Nthabwala zinam'thera mnyamatayo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Wauzako wina?"

"Ayi."

"Ndiye pakamwa potseka, mlongo. Kanthu kake n'kotani? Ndege yonyamula anthu ndi masutikesi awo ingagwe chifukwa cha nyemba? Kagona pakona penapake, kali phee. Mwezi wamawa titsegulanso pansipo, ndidzakachotsa ndekha, palibe adzadziwe."

"Nanga kakapita pa zingwe?"

"Nanga kakapanda kupita? Tamvera. Ukanena, a Tochi sasaina, chaka chako chapita. A ku ofesi akhoza kukuchotsa ntchito, ndipo popanda shedi ino laisensi uiiwale. Inenso ndikhala m'madzi poti ndinali nawe. Zaka zonsezi wakhala ukugona ndi mabuku, ufuna uzitaye chifukwa cha kapulasitiki? Ganizira mayi ako."

Namakutu anabwerera m'shedi. Woyendetsa ndege, mayi wamfupi wovala malaya oyera, anali atafika ndipo ankazungulira ndege yake, kugwira matayala ndi kuyang'ana mapiko monga amachitira asananyamuke. Ataona mtsikanayo anamwetulira.

"Ndiwe unali pansi pa mipando lero?"

"Eya, mayi."

"Chabwino. Kunja kuno ndimadzionera ndekha. Za pansipo ndimaonera m'maso mwanu." Anam'sisita paphewa n'kupitiriza ulendo wake wozungulira.

Nthawi yomweyo a Tochi anasuzumira pawindo la kaofesi kawo. "Namakutu, tabwera. Lonjezo lija."

Patebulo panali pepala la ku sukulu. A Tochi anavala magalasi, anatsegula cholembera, n'kuyamba kufufuza mzere wosainapo.

"Ndakhala ndikukuyang'ana," anatero. "Suthamanga, sulumpha ntchito. Akazi m'ntchito ino ndi ochepa, ndipo ndikufuna ndikapume nditasiya mmodzi."

Mtsikanayo anamva chisoni chachikulu, choposa mantha amene anali nawo. Cholembera chinatsika.

"Bambo, musasaine kaye."

A Tochi anadzutsa mutu.

"M'ndege muja mwatsala chinthu changa. Kahedifoni. Ndinalowa nako nditabisa m'chipewa, ndimamvera phunziro. Kagwera pansi pa mipando."

Bamboyo sanakalipe. Anatseka cholembera, anachiika m'thumba, anatenga tochi.

5. Shedi ikhala chete

A Tochi anaimitsa thirakitala imene inkati izikokera ndege kubwalo. Anapachika chikwangwani chofiira pachitseko cha ndegeyo. Pasanapite nthawi manijala anatulukira, tayi ikuuluka.

"Anthu akudikira, katundu wapimidwa kale. Mukufuna kumasula pansi ponse chifukwa cha kanthu kosaoneka n'komwe?"

"Dzina limene lili pa ndegeyi ndi langa, bwana, ndipo ndalichotsapo," anayankha a Tochi. Kenako anatembenukira kwa Namakutu. "Kakadali ndi moto?"

"Batire latsala pang'ono."

"Ndiye tisataye nthawi. Zimitsani kompuresa. Zimitsani wailesi. Tsekani zitseko za shedi. Aliyense asatsokomole."

Phokoso lonse linatha. Shedi imene inkalira tsiku lonse inangoti zii, mpaka kumveka malata akuthetheka ndi dzuwa. A Tochi, Mtalimtali, woyendetsa ndege ndi amakaniko ena analowa m'ndege n'kugwada pakati pa mipando, makutu ali pansi. Namakutu anakweza voliyumu ya foni mpaka pothera, n'kudina kuti phunziro lipitirire.

Poyamba sipanamveke kanthu. Kenako, kuchokera pansi pa mapazi awo, kunamveka kaliwu kakang'ono ngati ka udzudzu. Anali mphunzitsi uja, akufotokoza modekha mmene magetsi amayendera kuchoka m'batire. Palibe anaseka.

A Tochi anakwawa kutsatira liwulo. Anadutsa pamene Namakutu anagunda mutu, anapitirira mpaka ku mipando yomalizira.

"Aphunzitsi ako asamuka," anatero motsitsa. "Mmene timakoka ndege muja, iwo amagubuduka. Tsegulani apa."

Mtalimtali anamasula masikuluwu. Chivundikiro chitachoka, tochi inawala. Kahedifoni kanali katakhazikika pakati pa chingwe ndi kagudumu, pamalo enieni pamene chingwecho chimayendapo. Kankalankhulabe.

Woyendetsa ndege anasuzumira, ndipo nkhope yake inasintha. "Chingwe chimenecho ndi chimene ndimakoka potera," anatero. Anadzuka n'kutuluka osayang'ana munthu.

A Tochi anakatola ndi pulaya yaitali. Kali m'mwamba choncho, batire linatha, mphunzitsi n'kudukiza mawu pakati.

6. Mawu a a Tochi

Ndege inanyamuka mochedwa kwambiri, itatsegulidwa pansi ponse ndi kuyang'anidwanso. Itapita, a Tochi anaitana antchito onse pa bolodi la zida. Namakutu anaima patsogolo, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga," anayamba bamboyo, "kuphunzira si mlandu. Ine ndimanyadira munthu amene amaweruka kuntchito atatopa n'kukatsegula buku. Koma iwe unafuna kukhala m'kalasi ndi m'ndege nthawi imodzi, ndipo munthu sakhala malo awiri. Pamene unali m'kalasi, pansi pa mipando panalibe munthu. Panali manja okha.

"Laisensi imene ukuifunayo si mphotho ya anzeru. Ndi chilolezo chakuti dzina lako likhale pakati pa anthu ndi imfa. Mayeso adzakufunsa za magetsi, ndipo udzakhoza, sindikukayika. Koma palibe mayeso amene adzakufunse zimene uli nazo m'chipewa. Funso limenelo umadzifunsa wekha pakhomo apa, m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lopuma ntchito.

"Pepala lija sindisaina. Ndikasaina lero ndiye kuti ndikunena kuti lamulo langa ndi la anthu ena, osati la amene ndimawakonda. Chaka chino chapita. Undipatsenso khadi lako lolowera pageti, chifukwa a ku ofesi akufuna kukuona Lolemba, ndipo za ntchito yako akagamula ndi iwo. Ine ndikanena zonse ziwiri, kuti unalowa nako, ndiponso kuti unandigwira dzanja ndisanasaine. Chimene chikalemere kuposa chinzake sindikuchidziwa."

Misozi inatsika, koma Namakutu sanaipukute. Anavula khadi m'khosi n'kulipereka ndi manja awiri.

A Tochi anatsegula botolo lija. Anakweza kahedifoni kuti aliyense akaone.

"Zonse zili m'botolomu tinazipeza tokha, zina ndege itauluka nazo miyezi. Eni ake mpaka lero sitiwadziwa, mwina ena mwaima pompano. Ichi ndi choyamba chimene mwini wake anabwera yekha."

Anakaponyamo, kanalira pa galasi, ndipo anatseka. Mtalimtali ankayang'ana nsapato zake.

7. Mabatani

M'basi yobwerera kunyumba Namakutu anakhala pawindo, makutu ali pululu. Anamva zinthu zimene anali atasiya kalekale kuzimva: kondakitala akukangana ndi munthu, mwana akulira kumbuyo, chitseko chikugwedera. Ulendowo unatalika kuposa masiku onse.

Atafika pakhomo la nyumba, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Mtalimtali. "Mlongo, Lolemba a ku ofesi akakufunsa ngati pali wina amene amadziwa iwe usananene. Ndili ndi ana. Chonde."

Anauwerenga, anabweza foni m'thumba. M'kati makina osokera ankalira. Anatsegula chitseko.

Mayi ake anadula ulusi ndi mano, n'kukweza bulauzi m'mwamba ndi manja onse awiri. Inali yabuluu, yositidwa kale, mabatani oyera ali pamzere.

"Tayeza tione. Azakhali ako ndawauza kale, akuti abwera kudzakuperekeza tsiku la mayeso. A Tochi aja asaina, eti?"

Namakutu anatulutsa kabokosi ka timahedifoni, anakatsegula n'kukaika pa makina. Mbali imodzi munali kahedifoni, mbali inayo munali dzenje lopanda kanthu. Mayiwo anayang'ana kabokosiko, kenako anayang'ana pakhosi pa mwana wawo pamene pankakhala khadi. Manja awo anatsika pang'onopang'ono, bulauzi n'kugona pamiyendo.

"Amayi," anatero Namakutu, "imitsani kaye ntchito. Ndikufuna mundimve ndi makutu onse awiri."